Mzere Umene Achemwali Anajambula

Malemu anabadwa pa 17 Meyi 1951, m'kanyumba ka antchito kuseri kwa positi ofesi ya pa boma lathu, kumene bambo athu ankasankha makalata. Anali achiwiri kubadwa m'banja la ana asanu. Ine amene ndaima pamaso panu ndine mlongo wawo, mzime wa m'banjamo, ndipo mwa asanu aja ndatsala ndekha. Anandibereka kumsana ndiwo, anandikwapula ndiwo, ndiwonso anandisankha kuti ndidzawerenge mbiri yawo. Ali m'chipatala anandichenjeza kuti ndisadzawapake mafuta. Ankati mbiri zonena kuti malemu anali ofatsa, okonda aliyense, osapsa mtima, n'zimene zimagonetsa anthu tulo pamaliro. Choncho abusa, akuluakulu a maboma onse awiri, eni dera lino, ndi inu nonse anamalira, mundikhululukire. Ndinena monga mmene anandituma.

Achemwali anga anali munthu wansanje. Ndanena poyera kuti amene mukunong'onezana kumbuyoko mupume. Nsanjeyo anabadwa nayo. Ine nditabadwa, akuti anafunsa amayi kuti mlendoyu abwerera liti kwawo. M'chipinda chimene ankagona ndi mng'ono wawo anajambula mzere pansi ndi khala, kuchokera pakhomo mpaka pazenera, ndipo phazi likangodumpha mzerewo nyumba yonse inkadziwa. Amayi ankaukolopa m'mawa, madzulo n'kuupeza wabwerera, wowongoka kuposa dzulo.

Anayamba sukulu ya pulayimale m'chaka cha 1958, nasankhidwa kupita ku sekondale m'chaka cha 1966. Kumeneko anakonda kwambiri phunziro la malo ndi mapu. Tsiku lina aphunzitsi anapachika pakhoma mapu a mtsikana wina, nawayamikira pamaso pa kalasi yonse. Achemwali sanalire, sanadandaule. Anajambula awo, nawang'amba, najambulanso, mpaka aphunzitsi anatsitsa a mnzawo aja n'kupachika awo. Atamaliza sekondale anachita maphunziro a kujambula mapu, ndipo pa 1 Malichi 1972 analembedwa ntchito ku ofesi yoona za malo pa boma lathu lomwelo.

Amene munalowamo m'chipinda chawo chogwirira ntchito mukukumbukira. Panali tebulo lopendekeka pafupi ndi zenera, mabotolo a inki, zolembera za milomo yonenepa ndi yopyapyala, mapepala oonekera okulungidwa pakona, ndi lezala lopalira inki pamene dzanja lalakwa. Lezala limenelo linkachita dzimbiri, chifukwa dzanja lawo silinkalakwa kawirikawiri. Zala zawo zinali zakuda nthawi zonse, mpaka anzawo anawapatsa dzina loti Mayi a Inki. Ku tchalitchi komwe ankaitanidwa choncho.

Nthawi imeneyo boma lathu linali limodzi, lalikulu. Nyanja lilibe, malire a dziko siliwakhudza, mbali zonse lazingidwa ndi maboma anzake. Kumpoto kuli mapiri, kum'mwera kuli chidikha cha fumbi, ndipo pakati pakudutsa mtsinje waukulu umene umatsika m'mapiri ndi nthambi ziwiri, n'kukakumana kumunsi. Linali ndi zigawo zisanu ndi zitatu, ndipo kalembera wa 1977 anapeza anthu oposa zikwi mazana atatu. Achemwali ankadziwa phiri lililonse, mlatho uliwonse, pamene chigawo ichi chathera ndi pamene china chayambira. Koma ndikuuzeni, sanapondemo m'madera amenewo. Galimoto inkawasanzitsa isanatuluke n'komwe m'tauni. Boma lonse ankaliyenda ndi cholembera, atakhala pampando.

Amene ankaliyenda ndi miyendo anali alamu anga, amuna awo. Anali woyeza malo mu ofesi yomweyo, munthu wamtali, wolankhula pang'ono, wosekerera aliyense, ndipo kusekerera kumeneko ndilo linali vuto. Anamanga ukwati woyera pa 10 Ogasiti 1974. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu, mu 1975, mu 1978 ndi mu 1981. Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere: alamu ankapita kumidzi ndi makina oyezera, unyolo ndi mahema, n'kukhalako masabata, kenako n'kubwera ndi miyeso. Achemwali ankatenga miyesoyo n'kuisandutsa mapu. Anthu ankasirira, amvekere banja ili ndiye banja, mwamuna ayeza, mkazi ajambula.

Osirirawo sankadziwa kuti tebulo lija analitembenuza kuti liyang'ane m'khonde la ofesi, kumene alamu ankadutsa popita kwa otayipa makalata. Sankadziwa kuti moni wa alamu kwa mkazi aliyense ankauyeza kutalika kwake, ndipo madzulo kunkakhala mlandu. Koma musawaweruze msanga achemwali anga. Iwo ankawakonda alamu mwa mtundu umene ambiri a ife sitinakondedwepo. Akamva kulira kwa galimoto ya ofesi ikubwera kuchokera kumidzi, ankataya cholembera, mayi wa ana atatu n'kuthamangira panja ngati mtsikana. Ankafuna alamu akhale awo okha, kuyambira chipewa mpaka matope a ku nsapato.

M'chaka cha 1983 kunamveka kuti boma lathu lakula kwambiri, anthu achuluka, ndipo lidzagawidwa pawiri. Ofesi inalamulidwa kuyezanso zigawo zonse. Apa ndi pamene achemwali anaona chinthu chimene munthu wina aliyense sakanachiona. Miyeso ya zigawo zina inkabwera mwa nthawi zonse: msewu, mtsinje, sukulu, msika, basi. Koma miyeso ya chigwa chino, chimene chili pakati pa nthambi ziwiri za mtsinje, inkabwera yodzaza. Chitsime chilichonse chinayezedwa. Kanjira ka mbuzi kanayezedwa. Mlatho wa mitengo iwiri, chulu cha kuseri kwa msika, zonse zinalimo. Atamaliza kujambula, zigawo zina zinali mbee, koma chigwa chino chinada bii ngati pagwa nyerere. Achemwali anandiitana, nandionetsa mapuwo, nati mwamuna sayeza chonchi pamalo pamene akufuna kuchokapo msanga.

Ine ndinawaseka. Ndinati mwina malowo ndi ovuta. Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndikanyowetsa mphasa ndili mwana, ndipo ndinasiya kuseka. Posakhalitsa alamu anabwera ndi buluku limene linang'ambika pabondo, litasokedwa ndi makina, msoko wabwino, ulusi wofanana ndi nsalu. Atafunsidwa, anayankha kuti pamsika wa m'chigwa pali mayi wina telala amene amasokera aliyense. Achemwali anangoti chabwino, napinda bulukulo, naliika m'kabati. Ife a m'banja tinkadziwa kuti achemwali akakalipa ndiye kuti zitha, koma akangoti chabwino, thawani.

Galu wamkota sakandira pachabe. Mayi telalawo analipodi, ndipo alipo pakati pathu lero, akhala apo pafupi ndi bokosi. Ndinawapempha chilolezo dzulo kuti ndiwatchule, ndipo anandilola. Malemu sanatchulepo dzina lawo m'moyo wawo wonse. Ankangoti wa m'chigwa uja.

Lamulo logawa boma linafika mu Juni 1986. Zigawo zisanu zinayenera kutsala kwathu, zitatu za kum'mawa n'kupanga boma latsopano. Za malire, lamulolo linangoti atsatire mtsinje waukulu kuchokera m'mapiri mpaka kumunsi. Amene analemba ali kutali sankadziwa kuti kumtunda kuno mitsinje ndi iwiri, ndipo anthu amaitchula ndi dzina limodzi. Koma mu ofesi aliyense ankadziwa. Nthambi ya kum'mawa ndiye mayi wake wa mtsinje, madzi chaka chonse, ikasefukira imakokolola ndi ng'ombe zomwe. Nthambi ya kumadzulo ndi kamtsinje chabe, mwezi wa Okutobala ana amaseweramo mpira pamchenga. Malire akanatsata ya kum'mawa, chigwa chino chikanatsala m'boma lathu, ndipo alamu akanapitiriza kubwera kuno pa ntchito.

Achemwali anatenga cholembera cha mlomo wonenepa, nachiviika mu inki yofiira, natsata nthambi ya kumadzulo. Zimenezi sanabisepo. Ankazinena okha patebulo, pamaso pa ana, ngati munthu wosimba za mayeso amene anakhoza. Maganizo awo anali akuti chigwa chikatuluka m'boma, galimoto ya ofesi sidzapitanso kumeneko, ndipo alamu adzasowa chonamizira.

Mapu aliwonse asanapite kwa akuluakulu ankayenera kuonedwa ndi woyeza malo, n'kusainidwa. Woyeza maloyo anali alamu. Amene analipo tsiku limenelo amasimba kuti anaima pa tebulo lija nthawi yaitali. Anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya, nawavalanso. Achemwali anaima pambali atagwira lezala, okonzeka kupala mzerewo. Ankangodikira kuti alamu anene pamaso pa ofesi yonse kuti chigwacho chisachoke, kuti iwo afunse pamaso pa anthu omwewo kuti m'chigwamo muli chiyani. Alamu anawayang'ana akazi awo, nayang'ana lezala, natenga cholembera n'kusaina.

Kwa inu eni chigwa chino, ine ndiyenera kuima kaye. Munalipo anthu pafupifupi zikwi zisanu ndi zinayi. Boma lathu linali pafupi, mukaoloka kamtsinje ka mchenga mwafika pamsewu. Kuchokera chaka chimenecho chipatala chanu chachikulu, khoti lanu, ofesi zanu zonse zinapita kutsidya la mtsinje waukulu, kumene kunalibe mlatho. Amayi oyembekezera anaoloka pa bwato. Ena a inu munataya abale panjira imeneyo. Ambiri munkati akuluakulu a kutali ndiwo anakulakwirani. Iwo anangodinda chidindo. Mzerewo anajambula ndi achemwali anga, ndipo anaujambula chifukwa cha mwamuna mmodzi. Iwo sanapepese. Ine mlongo wawo ndikupepesa lero.

Koma walira mvula walira matope. Boma likagawidwa, antchito nawonso amagawidwa. Abwana a ofesi anayala mapu patebulo kuti aone amene angapite ku boma latsopano. Anaona chigwa chakuda bii chija, nati dera lovuta chonchi lifunika munthu wolidziwa bwino, ndipo mapu okha akuchitira umboni kuti wolidziwa ndani. Pa 5 Januwale 1987 alamu anasamutsidwa. Anawapatsa malo okhala m'chigwa momuno, kuti akhale pafupi ndi malire atsopano ndi kuikamo zipilala za simenti. Achemwali anafuna kuchotsa chigwa m'manja mwa alamu, koma chigwacho chinapita nawo alamuwo.

Anapempha kuti nawonso asamutsidwe. Anayankhidwa kuti boma latsopano lilibe chipinda chojambulira, ndipo mapu a maboma onse awiri azijambulidwabe pa tebulo lawo lomwelo. Tangoganizani, anthu a Mulungu. Miyeso ya alamu inkabwerabe, koma tsopano ndi mesenjala. Chaka china m'miyesomo munaoneka nyumba ya njerwa kuseri kwa msika. Chaka china nyumbayo inakula ndi chipinda chimodzi. Chimenecho chinali chaka cha 1989, pamene kuno kunabadwa mwana wamwamuna. Achemwali anajambula nyumba ya mkazi mnzawo ndi dzanja lawo, pamalo pake penipeni. Sanaichepetse, sanaisunthe, chifukwa pa ntchito anali munthu wonyada. Anabwera kunyumba tsiku limenelo maso ali psuu, natiuza kuti inki yawalowa m'maso.

Alamu ankabwera kumapeto kwa mwezi. Ukwati sunathe, ndipo achemwali sanalole munthu aliyense kutchula za kutha kwake. Amalume athu atayesa kunena kuti mwina ndi bwino kumumasula munthu, sanapatsidwenso mpando m'nyumba imene ija. Alamu akafika, zovala zawo zonse zinkachapidwanso ngakhale zikhale zoyera. Msoko uliwonse wa makina ankauphwasula ndi lezala lija, n'kusokanso pamanja. Kusoka sankadziwa kwenikweni, ndipo alamu ankabwerera kuno ndi mabuluku okwinyika pabondo, mwendo wina waufupi. Ankavala osadandaula. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo alamu anavumbwadi, koma pakamwa pawo sipanatuluke mawu oipa onena za nyumba iyi kapena iyo.

Pa 21 Febuluwale 1999 alamu anagwa ali pa ntchito m'chigwa muno, ndipo sanadzukenso. Inali nthawi ya mvula yambiri. Achemwali analamula kuti thupi libwere kwathu. Koma kutulutsa thupi m'boma lina kupita nalo boma lina kumafuna chilolezo cha ku ofesi ya boma limene munthu wamwalirira. Ofesi imeneyo inali kutsidya la nthambi ya kum'mawa, ndipo mtsinjewo unali utasefukira moti ngakhale eni mabwato anakana. Kwathu kunali pafupi. Kamtsinje ka kumadzulo madzi ake ankalekeza m'mawondo. Koma pa kamtsinjeko ndi pamene panadutsa mzere wofiira, ndipo wapolisi wa pamalire anati popanda chilolezo bokosi silioloka. Kuno kunalibe malo osungira thupi. Anthu anadikira mmene akanathera, kenako anakumba manda.

Tinabwera pa galimoto ya ofesi, achemwali akusanza njira yonse. Titafika pa kamtsinje kaja tinatsika kuti tioloke pansi. Kutsidya kunkamveka nyimbo. Munthu wina amene anabwera kudzatichingamira, posadziwa, anati amayi a kunyumba akhala kale pafupi ndi bokosi. Achemwali anali atavula nsapato, phazi limodzi lili m'madzi. Analibweza. Ndinawachonderera, ana anawagwira manja akulira, koma anati sangakakhale mlendo pamaliro a amuna awo. Anatiuza kuti ife tipite. Pobwerera tinawapeza pomwepo, ataima pagombe, nsapato zili m'manja, mvula itawanyowetsa thupi lonse.

Sabata yotsatira anandipatsa tepi yoyezera, nandituma kuno. Anati ndikayeze manda a alamu ndi zonse zowazungulira, ndipo ndisakabwere ndi zongoganizira. Ndinapeza kuti kumutu kuli khoma la miyala, kumiyendo kuli njira, kumanzere kuli mtengo waukulu umene mizu yake inadzaza pansi ponse, ndipo kumanja kwatsala malo a munthu mmodzi. Achemwali anajambula zimenezi pa pepala loonekera, nalipachika m'chipinda chawo chogona, pamwamba pa bedi. Kuyambira tsiku limenelo moyo wawo unali pa malo amenewo. Anali atalephera kuwasunga alamu ali moyo, ndipo analumbira kuti pogona pomaliza sadzalandidwa. Koma malo anali amodzi, akazi anali awiri, ndipo wa m'chigwa uja ankakhala pafupi ndi mandawo. Woyamba kufa ndiye akanagonapo.

Anapuma pa ntchito pa 31 Meyi 2006, atajambula kwa zaka zoposa makumi atatu. Nthawi imeneyo makompyuta anali atalowa mu ofesi, ndipo iwo ankawanyoza kuti amajambula mitsinje yopanda moyo. Anadzipereka pa kulera zidzukulu ndi pa ntchito za mpingo. Anali msungichuma wa amayi, ndipo anaimba m'kwaya mpaka mawu atayamba kuwathera. Koma munthu aliyense wochokera kuno, kaya wogulitsa makala, kaya mphunzitsi, ankamuitanira m'nyumba, kumupatsa tiyi, n'kumufunsa funso limodzi: wa m'chigwa uja ali bwanji.

M'nyengo yozizira ya 2011 kunabwera uthenga woti mayi telala adwala chibayo, ndipo zinthu sizili bwino. Ine ndinaganiza kuti achemwali asangalala, Mulungu andikhululukire. Ndinawapeza akuzungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Tsiku lomwelo anagula bulangete lochindikala ndi mankhwala, napeza galimoto yoti ikawatenge odwalawo kupita nawo kuchipatala, nanditumanso ine kuti ndikaonetsetse kuti agonekedwa pa bedi, osati pansi. Mayi telala anachira. Amayi a mpingo anabwera kunyumba kudzaimba, akuti taonani mtima wokhululuka, ndipo abusa a nthawi imeneyo analalikirapo Lamulungu lotsatira. Achemwali anamvetsera ulalikiwo atakhala kutsogolo. Potuluka anandikoka dzanja, nandinong'oneza kuti anthuwa ndi ogona, iwo sangalole kuti mkazi ameneyo awatsogolere kumanda.

Kuchokera pamenepo inakhala ntchito yawo. Kukayamba kuzizira, juzi inkapita kuchigwa. Atamva kuti mayi telala apezeka ndi matenda a shuga, anafufuza kwa madokotala zakudya zoyenera, natumiza malangizo kudzera mwa ine. Atamva kuti akusoka mpaka maso kuwawa, anatumiza magalasi. Denga litadontha, anatumiza malata. Ine mlongo wawo weniweni, wa bere limodzi, sindinalandirepo ngakhale sokosi imodzi kuchokera kwa iwo. Nditadandaula, anati ine ndikhoza kufa tsiku lililonse limene ndafuna, palibe chimene ndingawalande. Ndikunena zoona, zinandiwawa, ndipo pang'ono zikundiwawabe.

Matenda a kuthamanga kwa magazi anayamba kuwavuta mu 2019. Mankhwala awo ankaiwala kumwa, koma a mkazi mnzawo sanaiwalepo kutumiza. Pa 12 Malichi chaka chino anagwa m'bafa, mbali ya kumanja n'kufa ziwalo. Dzanja lija limene linajambula boma lonse silinathenso kugwira supuni. Anagonekedwa m'chipatala cha pa boma lathu, natuluka, nabwereranso mu Ogasiti. Madokotala ndi anamwino anayesetsa. Tsiku lina ndili pambali pa bedi ndinalimba mtima, ndinawafunsa ngati amanong'oneza bondo chifukwa cha mzere uja. Anayankha kuti mzerewo unali wokongola, inki sinadonthe paliponse, koma akanadziwa akanaujambula pakhomo pa nyumba yawo, alamu ali m'kati.

Dokotala atatiitana pambali kutiuza kuti palibenso chimene angachite, achemwali anaona nkhope zathu, nadziwa. Sanafunse za iwo eni. Anafunsa kuti wa m'chigwa uja ali bwanji. Tinawauza kuti ali bwino, dzulo lake anaoneka pamakina akusoka mayunifolomu a ana a sukulu. Anatseka maso, namwetulira ndi mbali ya nkhope imene inkagwirabe ntchito. Anatilamula kuti za chilolezo tisadzachedwe nazo, ndiponso kuti pepala la pamwamba pa bedi lija tidzapite nalo kwa okumba manda, asadzalakwitse mbali. Anatisiya pa 6 Seputembala 2024, dzuwa likutuluka, ali ndi zaka 73.

Tsiku lomwelo ine ndi mwana wawo woyamba tinabwera kuno kudzapempha malo. Tinabwera ndi mantha, chifukwa amene anasesa manda a alamu zaka zonsezi, kuzula udzu ndi kubzala maluwa, ndi mayi telala. Akanakana, tikanalowera kuti? Tinawapeza pakhonde atavala juzi yobiriwira imene ndinabweretsa ndekha chaka chatha. Anatimvetsera mpaka tinamaliza. Kenako anati iwo anadziwa kuyambira pa bulangete loyamba lija chifukwa chimene linabwerera, koma kuzizira sikufunsa kuti bulangete lachokera kwa yani. Anati munthu amene anawasunga ndi moyo zaka zonsezi sangamumane pogona. Analira, ndipo ife tinalira nawo.

Lero m'mawa achemwali anga aoloka kamtsinje ka kumadzulo koyamba m'moyo wawo. Madzi munalibe. Galimoto inadutsa pamchenga, matayala osanyowa, ndipo ana amene ankasewera mpira anaima kutipatsa njira.

Malemu asiya ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, chidzukulutudzi chimodzi, ndi ine mlongo wawo. Asiyanso mkazi mnzawo ali wathanzi, monga mmene anafunira.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anapirira lilime la achemwali anga. Ndikuthokoza abusa ndi amayi a mpingo, anzawo akale a ku ofesi ya malo amene anyamula bokosi, ndi akuluakulu a maboma onse awiri amene atipatsa chilolezo mosachedwa. Ndikuthokoza inu eni chigwa, amene mwalandira ndi nyimbo munthu amene anakutalikitsirani chipatala. Ndikuthokoza mwana wa alamu wa kuno, amene watsogolera okumba manda atagwira pepala lija m'manja, ndipo akumba kumanja, pamalo pake penipeni.

Mukafika kumandako, amene muli ndi maso muona kuti pepalalo latsalira pa chinthu chimodzi. Mtengo waukulu wa kumanzere uja unagwa ndi mphepo mu Januwale chaka chino. Chitsa chinazulidwa, mizu inachotsedwa, ndipo dothi lake ndi lofewa. Ife a banja tinamva sabata yomweyo. Tinakhala pansi, tinagwirizana, ndipo palibe amene anawauza. Mayi telala atiuza kuti iwo sakufulumira, mankhwala akadali nawo ambiri.

Achemwali, mwafika poyamba. Malo anu palibe anawagwira. Pakadali pano alamu ndi anu nokha, choncho gonani, tsekani maso onse awiri. Mzimu wanu uuse mumtendere.